Kugoneka Mipesa Chipale Chisanagwe

Ndiye iye Misuzu athokoze, athokoze munthu yemwe uja amene chilimwe chathachi anapopera mankhwala maapozi ake mphepo ya kunyanja ili mkati mowomba, mipesa ya Misuzu n'kupserera mizere itatu, mpaka lero osanenako ngakhale "pepa"? Koma si awo a Kuramoto omwewo, nkhalamba yopindika msana ya munda woyandikana nawo, ali m'munda mwa Misuzu chifikireni m'mawa, akumasula mipesa pa waya n'kumaigoneka pansi umodziumodzi kuti chipale chofewa chikagwa chiifunditse, pakuti mpesa wosiyidwa chilili chisanu cha kuno ku Yoichi sichiukhululukira.

Mwamuna wa Misuzu, Tsugio, ali gone kuchipatala, mwendo uli m'chikhakha. Payekha Misuzu ntchitoyi sakanaitha, ndipo mitambo yakuda ija yayamba kale kutsetsereka phiri.

"Bambo, ine sindinakuitaneni," anatero Misuzu.

"Ndamva. Gwira apa, mwana iwe, usangoti njo ngati mtengo wa magetsi."

Anagwira. Mtima unali kuwira: a Kuramoto akufuna chiyani, mundawu kodi, poti aliyense akudziwa kuti mwana wawo amausirira, kapena akufuna mlandu uja ukwiririke limodzi ndi mipesayi, anthu azidzati a Kuramoto ndi munthu, wamkamwa ndi Misuzu? Komabe manja a nkhalambayo, ong'alukang'aluka, otupa m'mfundo, ankapinda tsinde lililonse mofatsa ngati akugoneka khanda — Tsugio yemwe sachita choncho — ndipo dzuwa popendeka, atafika pa mizere yopserera ija, imene Misuzu anali ataitaya kale mumtima, nkhalambayo inagwada, n'kuchedwa pamenepo kuposa pena paliponse, ikukanda khungwa ndi chikhadabo, ikufunafuna pobiriwira.

"Uwu udzaphuka," anatero osadzutsa mutu. "Kavinyo kanu kowawasa kaja tidzamwa ndithu, mano atiguluke."

Mtima wa Misuzu unayamba kufewa, ndipo zimenezi zinamukwiyitsa, chifukwa cholakwa ndi cholakwa, munthu azichitchula ndi pakamwa — koma nanga mawondo amenewa, m'matope ozizirawa, akutchula chiyani? Mipesa yonse tsopano inali gone, vinyo wa chaka chamawa wapulumuka, ndipo "zikomo" anali atafika kale kunsonga kwa lilime la Misuzu, akungodikira kuti "pepa" wa nkhalambayo ayambe ndiye kutuluka.

Kachipale koyamba kanatera pakhosi pa nkhalambayo, kuseri, pamene kolala inang'ambika. Iyo sinakasase. Misuzu anakayang'ana kakusungunuka, pakamwa pali yasa.