Mapiritsi a Rhoda

Emelda anali atangotula mtolo wa zovala za salaula pakhonde pamene anamva mawu a mlamu wake Rhoda m'chipinda. Ankalankhula monong'ona. Atakankha chitseko anapeza mwamuna wake Moven atakhala pabedi, kapu ya madzi kudzanja lamanja, piritsi kumanzere.

"Nanga ivi ni vichani?" anafunsa Emelda.

Rhoda anayesa kubisa kabotolo m'chitenje, koma Emelda anali atakaona kale. Ankakadziwa bwino kabotoloko. Ndi iye amene anaperekeza Rhoda kukiliniki tsiku limene anayamba kumwa ma ARV.

Moven anali wowotcherera zitsulo, ndipo mageti ake ankadziwika mu Kalingalinga monse mpaka ku Mtendere. Chaka chathachi anadwala chimfine choopsa, thupi kutentha, kukhosi zilonda. Chimfinecho chinatha koma mphamvu sizinabwerere. Akanyamula chitsulo lero, mawa ndi mkuja ankagona ngati wamenyedwa ndi achifwamba, mutu uli balala, kuiwala ngakhale muyeso wa windo. Tulo sitinkamupumitsa. Kukiliniki anamuyeza TB, shuga, malungo ndi HIV, osapeza kanthu. Anthu a m'komboni ndiwo anali ndi mayankho. Ena ankati ndi ulesi wa munthu wokhuta, ena ankati anzake a mageti amutchera.

"Ba mulamu, musanikalipile," anatero Rhoda. "Mzimai wa ku kwaya ananionetsa pa foni. Akuti kulema uku kumabwera na vairasi, ndipo kunja amapatsa anthu mankhwala olimbana na vairasi. Nanga anga awa ni a chani? Ine ninali mafupa okhaokha. Lero nioneni."

"Mwayamba liti kumupatsa?"

"Mwezi watha."

"Ndiye imwe mukumwa chani?"

Rhoda anayang'ana pansi. Ankagawa mapiritsiwo pakati, tsiku lina iye, tsiku lina mlongo wake.

Emelda sanakweze mawu. Anatenga piritsi m'dzanja la Moven, nalibwezera m'botolo, n'kulipereka kwa mwini wake.

"Akuti mnzako akapsa ndevu m'zimire," anatero, "koma sitizimira moto na chitenje chimene tavala. Mufuna niike maliro awiri, ba mulamu?"

"Nalema kugona, amake Ida," anatero Moven, maso ali pakhoma. "Mnzanga Blackson akugwira yekha kushopu. Ine pano nili ngati mpando."

"Mpando sulankhula. Mawa tikupita kuchipatala chachikulu, tonse atatu. Ine sinibwerako popanda dzina la matenda aya."

Anapitadi m'mawa mwake pa minibasi, Moven atatsamira paphewa la mkazi wake. Pamzere anthu ankamuyang'ana modabwa, mwamuna wa thupi lake, wosaonda, atagona pabenchi. Emelda anawayang'ananso mpaka anatembenuka okha.

Dokotala anali mayi wa magalasi, dzina lake Chansa. Anawerenga zonse zimene anayeza kukiliniki, kenako anafunsa Moven funso limene panalibe amene anali atamufunsapo.

"Mukadzikakamiza kugwira ntchito, kudwala kumabwera pomwepo kapena tsiku lotsatira?"

"Tsiku lotsatira," anayankha Moven, akudzuka pang'ono. "Mwadziwa bwanji?"

"Chifukwa simuli nokha. Ndi matenda odziwika, kutopa kosatha kumene kumatsalira anthu ena akadwala matenda a vairasi. Si ulesi, ndipo palibe wakulodzani."

Moven anaphimba nkhope ndi manja. Emelda anamusiya alire pang'ono, kenako anafotokoza za mapiritsi a Rhoda, osabisa kalikonse, n'kufunsa mosapita m'mbali ngati mankhwala a vairasi alipo amene angathandize.

Dokotala Chansa anavula magalasi. "Bambo, inu mumapanga mageti. Kiyi wa geti la ku Matero angatsegule la ku Chawama?"

"Ayi."

"Ma ARV ndi kiyi wa HIV basi. Kwa inu sangachite kanthu, koma akhoza kukuvutitsani impso. Ndipo achemwali anu akamadumphadumpha, kachilombo kawo kamaphunzira kuzemba mankhwala." Anatembenukira kwa Rhoda. "Lero lomwe mupite kukiliniki yanu, mukawauze zoona, akuyezeni magazi. Sakakumenyani."

Kenako anawauza zonse monga zinalili. Anati mankhwala otsimikizika ochiza matendawa sanapezeke. Alipo ena olimbana ndi mavairasi ena, amene amagona m'thupi n'kudzuka nthawi zina, ndipo madokotala awayesapo pa odwala otere. Odwala ena anapezako bwino, ambiri ayi. Alipo mankhwala enanso okhudza chitetezo cha m'thupi, koma ofufuza sanagwirizanebe za phindu lake, ndipo ena ndi aukali.

"Tiyeza magazi tione ngati vairasi yotereyo yadzuka mwa inu. Ikapezeka, tingakambirane zoyesa mankhwalawo, ine ndikuyang'anira impso ndi magazi anu. Ikapanda kupezeka, sindikupatsani. Pakadali pano chimene chimathandiza ambiri ndi ichi: muzileka ntchito mphamvu zikadalipo. Musadikire kugwa."

Rhoda anapita kukiliniki yake madzulo omwewo. Anamudzudzula, anamuyeza, ndipo mwamwayi mankhwala ake anali akugwirabe ntchito. Zotsatira za Moven zinatenga nthawi. Zitabwera zinaonetsa kuti vairasiyo inadutsamo kale n'kugona, panalibe choti mankhwala alimbane nacho. Dokotala anamupatsa othandiza tulo ndi kuphwanya kwa thupi, n'kumuuza kuti azibwera kudzaonedwa.

Moven anakhumudwa. Pobwerera, atangotsika minibasi, anatembenukira kwa mkazi wake.

"Ndiye tapitira chani?" anafunsa.

"Tapita osadziwa, tabwera tikudziwa," anatero Emelda. "Kuthamanga si kufika, atate a Ida. Manje timvere vimene anena."

Lolemba lotsatira Emelda ananyamula mpando wapulasitiki pamutu mpaka kushopu, naukhazika pamthunzi wa malata. Anamuuza Blackson, mnzake wa Moven wa zaka zambiri, kuti kuyambira tsikulo mwamuna wake aziyeza, azilemba pachitsulo ndi choko, azilankhula ndi makasitomala, koma kunyamula ndi kuwotcherera ayi.

"Ndiye takhala na bwana manje," anaseka Blackson. "Nimugulire tayi?"

"Mugulireni. Koma akagwira chitsulo, imwe ndiye mukamusambitsa."

Sizinayende mosalala. Tsiku lina Moven ananyengeka, nathandiza kukweza geti pagalimoto, ndipo anagona sabata yathunthu. Emelda sanamunyoze. Anangomufunsa ngati geti linamuthokoza.

Mvula itayamba, Emelda anadutsira kushopu m'mawa wina akupita kumsika. Panali kasitomala wa ku Kalikiliki wofuna mawindo a nyumba yonse, ndipo ankaumirira kuti Moven apite naye pompo akayeze. Inali ntchito yaikulu, yoti kale akanaithamangira. Emelda anaima kuseri kwa mulu wa zitsulo n'kumayang'ana.

Moven anayang'ana kasitomalayo, nayika choko m'thumba.

"Lero nalekera apa, bwana. Nibwera mawa kuseni. Ngati muli pa changu, Blackson apite."

Kasitomala anang'ung'udza, kenako anati adikira. Moven anadzuka yekha pampando, osagwira khoma, nauyamba wa kunyumba pang'onopang'ono. Emelda anasenzanso mtolo wake n'kupitiriza ulendo wa kumsika.