Mbale ya a Bouchaib

Tsiku limene Tamou anavula zovala zoyera za umasiye, pakhomo pake panafika anthu a kukhonsolo ndi zingwe zoyezera. Ine Rkia, neba wake, ndinkayesa adzapepesa maliro a mwamuna wake. Ayi ndithu. Ati msewu watsopano udutsa pakati pa nyumbayo, mpaka pamkuyu wa kuseri.

"Mayi, chidziwitso chinamatidwa ku ofesi," anatero wamkulu wawo. "Nthawi yodandaula inali mwezi umodzi. Inatha kalekale."

Tamou akanachiona bwanji? Kwathu kuno ku Morocco wamasiye amabindikira miyezi inayi n'kanthu. Amene ankamukumbutsa mwambowo anali mlamu wake, a Bouchaib, khansala wathu. Lachisanu lililonse ankafika ndi mbale ya kusikusi, chakudya chathu cha tirigu, n'kuima pakhomo: "Alamu, musatuluke, lemekezani malemu. Zakunja ndisiyireni ine."

Kenako tinamva kuti boma likufuna kutalikitsa nthawi yodandaulayo, ngakhale ochedwa amvedwe, koma layamba lafunsa maganizo a makhonsolo. Mitima inakhala pansi. Wako ndi wako, a Bouchaib akatiyankhulira, tinatero. Popita nane kumsonkhano wa khonsolo wokambirana nkhaniyi, Tamou anatenga mbale ya a Bouchaib ataidzaza nkhuyu, poti mbale ya mwini siibwezedwa yopanda kanthu. Wobweza yopanda kanthu ndi munthu amene wathetsa chibale.

Woyamba kuimirira anali a Bouchaib omwewo.

"Apampando, mwezi umodzi ndi wokwanira! Tikatalikitsa, tauni ino sitimanga ngakhale khola la nkhuku. Munthu wokonda nyumba yake sagona tulo."

Ndinayang'ana Tamou.

"Alamu," anatero Tamou ataimirira, "za msewuwu munazidziwa liti?"

"Khalani pansi, alamu, tikakamba kunyumba."

"Nyumba yake iti?" ndinakuwa ine. "Yankhani pompano, bambo inu!"

Apampando, munthu wosadziwa kusunga pakamwa, anafuna kuziziritsa zinthu. "Mayi, musawanyoze alamu anu. Pulaniyi anaibweretsa ndi iwowo, maliro a mchimwene wawo asanazizire n'komwe. Tonse tinawayamikira kulimba mtima."

Zoona munthu n'kumanyamula chakudya sabata ndi sabata, cholinga chake kukaonetsetsa kuti chitseko chidakali chotseka?

Makhansala anakweza manja, onse kukana zotalikitsa nthawizo. Mlembi sanavutike n'kuwerenga komwe.

Tamou sanalire. Anayenda pang'onopang'ono mpaka kutsogolo, ine ndili pambuyo pake, anavundukula mbale ija n'kukhuthulira nkhuyu zonse m'chovala changa. Kenako anaipukuta bwinobwino ndi nsonga ya mpango wake, mkati ndi kunja.

"Alamu, mbale yanu nayi."

A Bouchaib anaisuzumira, anayang'ana anthu, manja n'kuwabisa kumbuyo. Tamou anangoima pomwepo, ataitambasulira kwa iwo, mpaka anailandira.