Misomali Isanu Yopanda Kanthu

Mpeni unali wobuntha, ndiye Watayi anachita kulimbana nayo katoni ija, amayi ake ndi mlongo wake ataima tsidya lina la tebulo. Inafika ku positi ofesi m'mawa womwewo, patatha masiku asanu ndi anayi chiikireni bambo awo m'manda. Pamwamba pake panalembedwa dzina la malemuwo m'zilembo zikuluzikulu, ngati kuti adzabwera kudzasainira okha.

Dzina loti Watayi anamupatsa ndi bambo ake omwewo atangoyamba ntchito ya muofesi yovala tayi mumzinda, ndipo linamukakamira. Iye ndiye anali mwana woyamba, komanso munthu wosakonda kufunsa kawiri asanagamule nkhani.

M'katonimo munali zinthu zokulungidwa m'mapepala a mafuta. Anamasula chimodzichimodzi: puleni yonyezimira, sowo yaing'ono, matchizulo awiri ndi sikweya. Pansi pake panali kalata ya kampani yogulitsa zida za ukalipentala kudzera pa positi, yothokoza bambowo chifukwa chodikira moleza mtima.

"Kani n'zimene ankapitira ku positi," anatero amayi. "Miyezi iwiri yapitayo anapitako katatu konse. Ine ndinkangoti akukulembera iwe makalata."

Mlongo wake anayendetsa chala pamwamba pa zidazo. "Zisanu, achimwene," anatero motsitsa mawu.

Watayi anaziwerenganso yekha. Nambala imeneyo ankaidziwa bwino.

Tsiku lotsatira maliro, iye analowa m'shedi ya bambo ake kuseri kwa nyumba, koyamba pa zaka zisanu ndi ziwiri. Malemuwo anali ndi kachitidwe kawo: chida chilichonse chinali ndi msomali wake pakhoma, ndipo ankachijambula mozungulira ndi penti yakuda kuti chikachoka, malo ake azichiitana. Tsiku limenelo zithunzi zisanu zinali zopanda kanthu. Watayi sanachedwe. Anaitana mlamu wake, mwamuna wa mlongo wakeyo, amene anagwira ntchito ndi bambowo zaka khumi ndi ziwiri, n'kumufunsa pamaso pa amalume, telala wa pafupi ndi mayi wa golosale.

"Zimenezo sizinakhalepo, alamu," anayankha mlamuyo. "Bambo anajambula okha mwezi watha. Nditawafunsa anangoti ndidzaona."

"Mukundiyesa mwana?" anatero Watayi akuseka. "Munthu angajambule chinthu chimene palibe? Maliro sanazizire n'komwe, inu mwayamba kale kututa. Kumeneku ndi kuba."

Mlamu anavula epuloni, anaipinda bwinobwino, n'kutuluka. Kuyambira tsiku limenelo shedi inakhala yotseka, ndipo nkhani inayenda mumsewu wonse mofulumira kuposa uthenga wa maliro. Munthu wina amene anapatsa mlamuyo ntchito ya zitseko anabwera kudzatenga matabwa ake.

Tsopano mlongo ananyamula sikweya ija n'kulunjika ku shedi. Watayi anamutsatira, koma anaima pakhomo. Pashelefu panali kabuku ka kampani ija, kakuda ndi zala, masamba ake atapindika m'makona. Pansi pa chithunzi cha chida chilichonse kampaniyo inalemba muyezo wake, utali ndi mulifupi, ndipo pa zida zisanu bambowo anadula mzere ndi pensulo yawo ya ntchito. Mlongoyo anakoleka sikweya pa msomali. Inalowa m'chithunzi chake ndendende, osatsala ngakhale kampata.

Malemuyo anayeza kuchokera m'kabuku, anakhoma misomali, n'kujambula malo a zida zimene zinali zisananyamuke n'komwe kumene ankazigulako. Kudikira ankakutha, koma manja ake sankatha kukhala chete.

Manyazi anamugwira Watayi. Analakalaka basi yobwerera kumzinda itaima pakhomo pomwepo.

"Kawauze alamu abwere," anatero osayang'ana mlongo wake. "Uwauze kuti zida zapezeka."

"Zapezeka? Zinasowa liti?" Mlongoyo anatembenuka, maso ali ofiira. "Munawatchula wakuba pamaso pa anthu, achimwene. Lero mukufuna kupepesa kudzera mwa ine, kuchipinda? Sabata yathunthu munthu sakudya. Pa nthawi imene bambo ankadwala, ankawasambitsa ndi iwowo. Inu munkaimba foni."

"Iwe, usalankhule choncho kwa mkulu wako," anatero amayi, koma mawu awo analibe mphamvu. Kenako anayang'ana mwana wawo woyambayo. "Mutu ukakula sulewa nkhonya, mwanawe. Pita wekha."

Kwa mlamu sikunali kutali, koma ulendowo unamutalikira. Anadutsa pa telala, amene anaimitsa makina n'kumulonjera mwaulemu wonse, ulemu umene unamuwawa kuposa kutukwanidwa. Anamupeza mlamu wake pakhonde, akupala mwendo wa mpando ndi mpeni wa kukhitchini. Mmisiri wa zaka khumi ndi ziwiri pa ntchito, kupala thabwa ndi mpeni wosendera mbatata!

"Alamu," anayamba Watayi, ndipo mawu onse amene anakonza m'njira anamuthawa. "Kwabwera katoni ku positi. Zida zisanu. Bambo anachita kuitanitsa."

Mlamu anapitiriza kupala. "Zafika bwino?"

"Zafika bwino. Ine ndi amene... Ndinalakwa, alamu. Ndinakunamizirani. Munandiuza zoona, ine n'kukusekani."

"Kusekako sindinadandaule nako," anatero mlamuyo, akuuzira tiutuchi pa mwendo wa mpando. "Nanenso ndinawaseka bambo tsiku limene ankajambula. Chinandipweteka n'choti palibe ndi mmodzi yemwe anati, 'Ayi, munthu uyu timamudziwa.' Inu simundidziwa, n'zomveka. Mumabwera kamodzi pachaka."

Watayi anati, "Tiyeni mukazione. Chonde."

Mlamu anaika mpeni pansi n'kuvala nsapato.

Pobwerera, Watayi anaima pa telala paja. Anaitananso mayi wa golosale kutsidya kwa msewu, ndipo anthu ena odutsa anaima nawo, poti nkhani yaulere siisowa omvera.

"Tsiku lija ndinanena kuti alamu angawa anaba zida za bambo," anatero. "Linali bodza. Sanabe kanthu. Wopusa ndinali ine, amene sindinkadziwa n'komwe zimene zinali m'shedi ya bambo anga."

"Ee, nafenso tinadabwa," anatero telala, yemwe sabata yonseyo ndiye ankaifalitsa nkhaniyo kwa aliyense wobwera kudzayesa buluku. Mlamu anangoyang'ana kumbali.

M'shedi munali fungo la utuchi ndi guluu. Mlamu anatenga puleni ija, anaitembenuza, anayesa mpeni wake ndi chala chachikulu.

"Imeneyi tinkaisirira limodzi m'kabuku," anatero. "Ankati ndi yodula kwambiri, si ya anthu ngati ife."

"Ndiloleni ndikoleke ndine," anatero Watayi.

Anatenga sowo n'kupita kukhoma. Anakweza dzanja pamene panali mzere wa zida zina zonse, koma msomali wake sunali pamenepo. Unali m'munsi, ndipo anachita kuwerama kuti aupeze. Chimodzimodzinso matchizulo aja. Iye anatengera msinkhu wa bambo ake, munthu wamtali amene ankaweramira chitseko chilichonse, ndipo zida zawo zonse ankazikoleka m'mwamba, molingana ndi dzanja lawo. Misomali isanu yokhayi ndi imene inakhomedwa m'munsi, pamwamba pa benchi ya kukona.

"Benchi iyi amagwirirapo ndani?" anafunsa, ngakhale yankho anali atalidziwa kale.

Mlamu, munthu wamfupi amene zaka zonsezo ankakwera pa kabokosi kuti atsitse nyundo, anayandikira khoma lija ali ndi puleni m'manja. Anatambasula dzanja osanyanyamphira, ndipo puleniyo inakhala pa malo ake. Anaima pomwepo nthawi yaitali, chikhatho chili pa chogwirira chake, atafulatira onse.