Anamuitanira Kuona Bodza

Yona atafika kwawo ku Zingwangwa pa tchuthi cha chaka chake chachitatu ku yunivesite, anapeza mlongo wake wamkulu, Gertrude, akuchapa matewera kuseri kwa nyumba. Sanafunse kanthu. Mkazi wokwatiwa sachapira matewera kwa amayi ake pakati pa sabata popanda chifukwa, ndipo chikwama chachikulu chimene chinali pansi pa tebulo chinali chitamuyankha kale.

Amayi ndiwo anamufotokozera, uku akusankha nyemba pakhonde. Gertrude anali atachoka kwa mwamuna wake, Fletcher, ku Machinjiri, ndipo ankakana kubwerera. Ankhoswe a mbali zonse ziwiri anali atagwirizana kuti akumane Loweruka masana.

"Amalume ako a Makwinja akuti iwenso udzakhalepo," anatero amayi osadzutsa mutu. "Akuti pali ntchito yako."

Yona anaidziwa ntchitoyo asanauzidwe. Chiyambire kuphunzira saikoloje, anthu a m'dera lawo ankakhulupirira kuti iye akuphunzira kuwerenga za mumtima mwa munthu. Anyamata a pamalo ometera ankati akamuona akubwera, ankaphimba nkhope ndi manja n'kumati, "Bisani maganizo, bwana afika." Iye ankangomwetulira n'kudutsa, poti anali munthu wamanyazi, wosazolowera kutsutsa anthu pagulu. Kamodzi kokha anayesa kuwafotokozera amalume ake kuti maphunziro ake si otero, koma iwo anaseka n'kunena kuti sing'anga weniweni sadzitama.

Chimene anaphunzira kwenikweni chinali chosiyana kotheratu. Tsiku lina m'chaka chachiwiri, m'holo yaikulu imene ophunzira ena ankamvetsera ataima m'mawindo chifukwa cha kuchepa kwa mipando, mphunzitsi wawo anawaonetsa vidiyo ya anthu osiyanasiyana akufotokoza nkhani zawo. Ena ankanena zoona, ena ankanama. Ophunzira ankakweza manja posankha, aliyense ali ndi chifukwa chake: uyu waphethira kwambiri, uyu wakanda mphuno, uyu sakuyang'ana kutsogolo. Mayankho atatuluka, kalasi yonse inali italondola theka n'kuphonya theka, monga momwe akanachitira munthu wongolota. Mphunzitsiyo, mayi wamfupi wa mawu otsika, ananena kuti ngakhale apolisi ndi oweruza milandu akayesedwa motero sapambana kwenikweni. "Tsiku limene mudzauze munthu kuti mwaona bodza pankhope pake," anatero, "wabodza m'chipindamo mudzakhala inu."

Yona anawakonda mawu amenewo kuposa china chilichonse chimene anamva m'zaka zitatuzo. Kwa munthu wochedwa kuyankha ngati iye, zinali zotonthoza kumva kuti kunena "sindikudziwa" si kupusa.

Lachinayi masana anamuthandiza Gertrude kuyanika zovala. Mwana anali mtulo kumsana. Gertrude anayamba kulankhula nkhope yake itabisika kuseri kwa nsalu yonyowa. Fletcher akamapita kuntchito ankamutsekera m'nyumba ndi loko wakunja. Foni ankaitenga. Akakwiya sankakalipa, ndipo n'chifukwa chake oyandikana nawo nyumba analibe choti angachitire umboni. Ankangomugwira pakhosi ndi manja awiri.

"Amadziwa polekezera," anatero Gertrude. "Sasiya chizindikiro. Akatha amandiuza kuti tigwade tipemphere."

Zonsezi Yona anali ataziphunzira: kutsekera, kulanda foni, kudula munthu kwa abale ake, ndiponso zimene manja a pakhosi kawirikawiri amalosera.

"Ndikukukhulupirirani, achemwali."

"Ndiye Loweruka udzanene mawu amodzi okha. Amalume akadzakufunsa, udzati akunama. Iwe amakumvera. Ine akuti ndangotopa ndi banja."

"Koma iwo akufuna ndidzayang'ane nkhope. Pankhope sipaoneka kanthu, achemwali. Palibe munthu amene angathe zimenezo."

"Sindikukufunsa za kusukulu, Yona."

"Ndidzawafotokozera bwinobwino. Pali phunziro lonse lokhudza amuna otere. Akadzamva zoona zake, zidzalemera kuposa kunamizira kuti ndaona chinthu."

Gertrude anafinya malaya a mwana mpaka madzi anasiya kudontha, ndipo anapitirizabe kufinya.

"Amalume samva phunziro," anatero. "Amamva inde kapena ayi."

Tsiku lotsalalo Yona analithera poyenda yekha cha kumunsi kwa phiri la Soche, akukonza zodzanena. Anazisanja monga ankasanjira mayankho a mayeso. Poyamba adzachotsa maganizo olakwika aja, akuti bodza limaoneka pankhope. Kenaka adzasonyeza kuti zimene mlongo wake akunena ndi zodziwika bwino kwa anthu amene anafufuza za nkhanza za m'banja. Pomaliza adzatchula ngozi imene ilipo. Ankabwereza mawuwo chapansipansi, kusintha apa ndi apo, kufikira atakhutira kuti munalibe liwu limodzi losaona.

Loweruka Fletcher anafika atavala malaya oyera ositidwa bwino, atanyamula buledi ndi shuga wa apongozi ake. Anagwada popereka moni. Anali mtsogoleri wa kwaya kutchalitchi kwawo, ndipo mawu ake anali ofewa ngakhale popempha madzi akumwa. Anabwera ndi nkhoswe yake, a Sitima, bambo wonenepa wokonda nthabwala. A Makwinja, amene anagwira ntchito ya utelala ku Limbe moyo wawo wonse, anakhala pampando wa malemu bambo ake a Yona. Amayi ndi Gertrude anakhala pamphasa.

Gertrude anafotokoza zonse maso ali pansi. Atatha, Fletcher anapempha chilolezo choyankha. Anati loko uja anayamba kumuika akuba atathyola nyumba ya pafupi dzuwa likuswa mtengo. Za foni anati chiberekere mkazi wake sagona, amangolira, ndipo iye ankaopa kuti mauthenga a anzake akumuwonjezera maganizo. Za pakhosi anangopukusa mutu pang'onopang'ono.

"Ine sindikumuimba mlandu," anatero. "Ndi matenda. Alamu anga pano akudziwa kuti amayi ena akabereka mutu umasokonekera. Ndikungofuna abwerere ndikamusamale."

"Nanga chipsera chili pati, mayi?" anafunsa a Sitima. "Ine akunyumba akangondiponyera chipande ndimatupa mpaka Lamulungu. Inu khosi lanu lili see ngati la mwana wa sukulu."

A Makwinja anaseka pang'ono, kenaka anatsokomola n'kukoka kampando kakang'ono, nakaika moyang'anizana ndi Fletcher.

"Akulu anzanga, nkhani ngati izi zimavuta chifukwa aliyense amanena zake ndipo ife sitinaliko. Koma lero tili ndi mwayi. Mphwangayu tinamutumiza kukaphunzira za m'mitima ya anthu. Yona, khala apa. Bambo Fletcher, muyang'aneni m'maso ndipo munenenso."

Yona anakhala. Mawondo ake anatsala pang'ono kugundana ndi a mlamu wake. Fletcher anamuyang'ana mosatekeseka, ndipo ananena momveka bwino kuti chikwatirane sanamugwirepo mkazi wake pakhosi. Yona anaiyang'anitsitsa nkhopeyo ndi mtima wonse, akulakalaka kuti zimene anaphunzira zikhale zolakwika, kuti chikope chigwedezeke kapena mlomo unjenjemere. Anangoona kabala kakang'ono ka lezala pachibwano ndi maso ofiirira a munthu wotopa.

"Tiuze," anatero a Makwinja. "Waona bodza?"

"Amalume, choyamba ndiloleni ndifotokoze kuti nkhope ya munthu..."

"Funso ndi lalifupi, mphwanga. Sitili m'kalasi muno. Waona kapena sunaone?"

Gertrude anali atadzutsa mutu kwa nthawi yoyamba. Yona anawamva mawu aja, akunama, ali okonzeka pa lilime. Ankadziwa kuti ndi oona. Koma funso silinali lakuti Fletcher akunama kapena ayi; funso linali lakuti iye waona chiyani. Anaganiza kuti akangoyankha molondola funso limeneli, apeza mpata wonena zina zonse zija motsatana.

"Sindinaone, amalume. Koma palibe munthu amene..."

A Sitima anaomba m'manja kamodzi. "Basi. Sukulu yalankhula."

"Sindinamalize," anatero Yona, koma mawu ake anamira m'phokoso la mipando. Anaimirira, chinthu chimene anali asanachitepo pamaso pa akulu atakhala. "Chonde, sindinamalize. Bodza silioneka pankhope pa munthu aliyense. Ine ndikuwakhulupirira achemwali. Zimene anenazi ndi zodziwika, ndipo mwamuna akafika pogwira pakhosi, mkaziyo akhoza kufa."

"Yona," anatero amayi mwamantha, "usatchule zimenezo pa banja la mlongo wako."

A Makwinja anamuyang'ana mwachifundo, osati mwaukali, ndipo chifundocho ndicho chinamufooketsa.

"Khala pansi, mphwanga. Pamene unayang'ana ndi maso a sukulu wanena wekha kuti sunaone. Tsopano magazi akuwawa, ukufuna kusintha chifukwa ndi mlongo wako. Sindikukudzudzula, ndi ubale umenewo. Koma ife tigwire mawu ati, oyamba kapena achiwiri?"

"Achiwiri, amalume."

"Ndiye kuti oyamba aja unanama?"

"Ayi."

"Wamva tsono." A Makwinja anatembenukira kwa a Sitima. "Mwanayu sanama, n'chifukwa chake ndinamuitana. Zotsalazi ndi za ife okwatira."

Chigamulo sichinachedwe. Gertrude abwerere tsiku lomwelo. Fletcher amupatse kiyi wake wa loko, amubwezere foni, ndipo apite naye kuchipatala akamuone za kusagona kuja. Fletcher anavomera zonse, nathokoza ankhoswe chifukwa cha nzeru zawo. Amayi analowa kuchipinda kukalongedza zovala za mwana, ndipo Yona anawamva akufwenthera. Atawatsatira n'kuwapempha kuti akane, iwo anati ankhoswe akagamula, mayi amene asunga mwana wake ndiye amatchedwa wopasula banja, ndipo nyumba ya lendi ya zipinda ziwiri siingalimbane ndi mpingo ndi abale nthawi imodzi.

Yona ndiye ananyamula chikwama popita pa siteji. Fletcher ndi a Sitima anali patsogolo, akukambirana za mtengo wa simenti. Podutsa pamsika, pamene phokoso la ogulitsa linali lokwanira kubisa mawu, Yona anayandikira mlongo wake.

"Achemwali, tisapite ku siteji. Tipite kupolisi, kuli ofesi yoona za nkhanza za m'banja. Ndikalankhula ndine."

"Ukalankhula?" Gertrude anakonza nsalu yoberekera mwana. "Akakafunsa kuti ankhoswe anati chiyani, tikati chiyani? Akakaitana amalume, akanena kuti mchimwene wanga weniweni, wa ku yunivesite, anamuyang'ana m'maso ndipo sanapeze kanthu."

"Ndikawafotokozera."

"Unafotokoza kale, Yona."

Sananene mwaukali. Ananena ngati munthu amene akukumbutsa mnzake kuti sitolo yatsekedwa.

Pa siteji a Sitima anatsanzika n'kulowera kwa m'bale wawo. Fletcher analandira chikwama, nagwira dzanja la Yona ndi manja onse awiri.

"Alamu, mwapulumutsa banja langa. Ndinkaopa kuti mukondera, koma ndaona kuti maphunziro amamuwongola munthu. Musanabwerere kusukulu mubwere kutchalitchi kwathu, mudzalankhule ndi mabanja achinyamata. Anthu ngati inu ndi osowa."

Yona anabweza dzanja lake n'kuyang'ana kumbali, ndipo Fletcher anangoziona ngati manyazi ake a masiku onse.

Minibasi ya ku Limbe, kumene ankayenera kukakwera ina ya ku Machinjiri, inali ndi anthu ochepa. Gertrude anakhala pawindo, mwana ali pamiyendo, Fletcher pambali pake. Galimotoyo inachedwa kudzaza. Yona anaima pafupi ndi windolo, dzuwa likumuotcha m'khosi, osatha kuchoka. Gertrude ankayang'ana mpando wa kutsogolo kwake. Mayi wina anakwera ndi dengu la tomato, kenaka atsikana awiri ochokera ku saluni, kenaka mkulu wina amene anakangana ndi kondakitala pa za malo oika thumba la makala.

Patsala malo amodzi, kondakitala anamenya denga la galimoto n'kumuyang'ana Yona.

"Bigi, mukukwera kapena mukungotiwerenga?"

Yona anaponda phazi limodzi kutsogolo. Anaganiza za kukafika ku Machinjiri, kulowa m'nyumba ya mwini wake, kulandiridwa ndi tiyi, kenaka kuperekezedwa mwaulemu dzuwa lisanalowe. Sanaone chimene kupita kwakeko kukanasintha. Ali mkati moganiza, mnyamata wina wonyamula tayala la njinga anamudutsa n'kukhala pamalopo, ndipo chitseko chinatsekedwa.