Njovu ya ku Tabora

Chaka chimene Stanislaus ankapita ku Halale, atsibweni ake a Saulosi, mlongo wawo wa amayi ake, anamuitanira kuseri kwa nkhokwe natsegula chitini chadzimbiri. Munali ndalama zachitsulo zakuda bii, zina zoboola pakati, zina zili ndi nkhope ya mfumu ya Ajeremani itavala chisoti chokhala ndi chiwombankhanga pamwamba. A Saulosi anazitola ali mtengatenga pa nkhondo ya Ajeremani, ndipo iliyonse ankaitchula dzina la mnzawo wa ku Nsaru amene anatsala m'njira.

"Ine ndikafa, mwini mbumba ndiwe. Izi si zogulira mchere. Zisadzatuluke m'banja muno."

"Sizidzatuluka, atsibweni. Pali amayi kumanda."

Anabwerako mu 1956, mutu uli mbuu, atanyamula sutikesi ya mabuku ndi jekete limodzi labwino. A Saulosi anali atagona kalekale. Misuku imene ankaikumbuka ali kutali inali itathera m'zigafa zofukizira fodya, ndipo ana a m'mudzi ankamupatsa moni wa alendo, akapotoloka n'kumanong'onezana kuti mtchona uja wadzuka. Chimene anachipeza monga anachisiyira chinali chitini chokha, m'denga mwa mlongo wake Lucia.

Mwamuna wa Lucia, Bizwell, anali kapitawo pa esiteti ina cha ku Namitete. Munthu woseka msanga, ndipo Stanislaus anali atakhala m'matauni mokwanira kuti aziopa anthu otere.

"Alamu," anatero Bizwell tsiku lina akupukuta njinga, "bwana wathu amakonda tindalama takale. Angotiona basi. Kuona si kugula, eti?"

"Wadziwa bwanji kuti m'denga mwa Lucia muli chitini?"

"Nkhani imayenda, alamu."

"Nkhani ilibe miyendo. Imakwera njinga ya kapitawo."

Lucia, amene ankasankha mtedza pakhonde, sanadzutse mutu. "Achimwene, fodya timasenza pamutu mpaka kumsika. Khosi langali lakalamba. Anzathu ali ndi ngolo."

"Ndinalumbira."

"Inu munalumbira, ine ndinasunga. Chaka cha njala tinkadya mizu chitini chili pamwamba pathu. Wolumbira anali kuti nthawi imeneyo?"

Stanislaus mumtima anali ndi chake. Ku Kepi, kumene anafika atachoka ku Halale, anagwirapo ntchito yopukuta fumbi m'sitolo ya mabuku akale, ndipo buku lililonse limene analipukuta ankayamba walitsegula. M'buku lina anaonamo chithunzi cha ndalama ina ya m'chitinimo, yaing'ono koma yolemera, ili ndi njovu yotukula chitamba. Ajeremani anaisula ndi golide ku Tabora nkhondo itawapanikiza, ndipo anasula zochepa. Anaganiza zopita, bwana wa Bizwell akatchule mtengo wabodza, iye akamugwire pamaso pa Bizwell, chitini chibwerere m'denga, nkhani ya ngolo ife.

M'mawa wa tsiku la ulendo anatsegula chitini, maso ake anathobwa. Ndalama zonse zinali mbee.

"Lucia, wachita chiyani?"

"Ndatsuka. Phulusa, mchenga ndi ndimu. Mukaonetse mlendo zinthu zakuda ngati mphika wa pamaliro?"

"Wakuuza ndani kuti utsuke?"

"Kodi kutsuka amachita kuuzidwa?"

Stanislaus anayang'ana Bizwell. Bizwell anali kalikiliki ndi tcheni cha njinga chimene chinalibe vuto lililonse. Wogula zakale amalipira ukalewo, ndipo ndalama yokwechedwa imagwa mtengo. Kapitawo sangadziwe zimenezo, koma bwana wake angadziwe, ndipo mawu angachoke pakhonde la bwana n'kufika pa mtondo wa Lucia osadutsa m'khutu la mwini mbumba.

Anazimwaza pachikhatho. Kale ndalama yokhala ndi dothi lofiira m'mphepete inali Kanyenda, amene anafa ndi kamwazi. Ya banga lobiriwira inali Msakambewa, amene anamira powoloka mtsinje. Tsopano zinkangofanana, zonse zikuseka ngati mano a Bizwell. Anayesa kuzitchula mayina, koma sanadziwe woyambira.

Mzungu wa pa esiteti anthu ankamutcha Chipewa. Analandira Stanislaus ndi Bizwell pakhonde, iye atakhala, iwo ataima. Kumunsi kwa masitepe kunali mzere wa matenanti odikira ufa, ndipo onse anatembenuka kuti aone mtchona wa jekete.

Chipewa anakhuthulira ndalama patebulo n'kutulutsa galasi lokulitsa zinthu.

"Ndani kwecha izi?" anafunsa m'Chinyanja chake cha pa esiteti. "Pepani. Zaonongeka kwambiri."

Koma nkhope yake sinadabwe, ndipo Stanislaus anaona zimenezo.

Mzunguyo anaunjika za siliva mbali imodzi, za mkuwa mbali ina. Ya njovu anaikankha ndi chala chaching'ono, osaiyang'ana n'komwe, n'kuisiya pa mulu wa mkuwa. Munthu sakankha chinthu mosamala chotero ngati sakuchifuna.

"Siliva ndigula pa sikelo. Mkuwa uwu ndi wa ana. Zonse, mapaundi anayi."

"Njovu ija mwaisokoneza," anatero Stanislaus m'Chingerezi.

Chipewa anadzutsa mutu. Bizwell anaseka mwamantha. "Alamu, njovu masiku ano ili pa kobiri lililonse la Chitaganya. Ziwiriziwiri, zikuvina."

"Za Chitaganya zimavina chifukwa n'zopepuka. Iyi inyamuleni, bwana. Mkuwa sulemera chotero. Tabora, 1916. Golide."

Mzunguyo anainyamula, naiyang'ana m'galasi nthawi yaitali, ngati akuiona koyamba. Kenaka anayankha m'Chingerezi, ndipo anakankhira mpando kwa Stanislaus ndi phazi. Matenanti anang'ung'udza. Pa esiteti imeneyo munthu wakuda anali asanakhalepo pampando wa pakhonde.

Stanislaus anakhala.

"Mwawerenga, ndaona," anatero Chipewa. "Ndiye mukudziwanso zimene mchenga wachita pa khutu la njovuyi. Mapaundi khumi."

"Mchengawo munautuma ndinu."

"Ine sindituma akazi a anthu. Khumi ndi awiri."

"Sindinabwere kudzagulitsa."

"Inde, inde. Aliyense amatero. Koma munthu amene akuti mtengo wanga ndi wabodza ayenera kudziwa woona. Kapena bukulo munangoona zithunzi?"

Wophika anali ataima pakhomo ndi thireyi ya tiyi, makapu awiri. Bizwell ankayang'ana uku ndi uku, Chingerezi chitamuthawa. Kuyambira tsiku limene anatsika basi, aka kanali koyamba kuti anthu amuyang'ane Stanislaus ngati munthu amene anapita kwinakwake n'kubwerako ndi kanthu. Anakumbuka tsamba lija bwinobwino, mtengo uli kumanja kwa chithunzi. Anauwirikiza kuti mzunguyo atsamwe.

"Makumi atatu. Osachotsapo ngakhale tiki."

"Ndavomera," anatero Chipewa, natambasula dzanja.

Sanatsamwe. Sanayerekeze n'komwe kuganiza. Pamenepo Stanislaus anakumbuka kuti buku lija linali lakale kale pamene iye ankalipukuta, losindikizidwa nkhondo yachiwiri isanayambe, ndipo mitengo siikhala pansi kudikira munthu. Mwina makumi atatu anali theka. Mwina njovu inakankhidwira ku mkuwa dala, kuti wowerenga mabuku adziulule yekha. Anayang'ana Bizwell kuti aone ngati wadabwa. Bizwell anali atamva mawu amodzi okha, makumi atatu, ndipo milomo yake inkayenda ngati ya munthu amene akuyeza ng'ombe ziwiri ndi goli.

"Alamu, wati chiyani? Wavomera, eti?"

Dzanja linali likadali m'malere. Stanislaus akanatha kunena kuti amangoyesa. Akanatero m'Chingerezi chomwecho, n'kudzuka pampando, n'kutolera ndalama zake imodziimodzi, n'kutsika masitepe kudutsa mzere wonse wa matenanti, amene madzulo ake akanakafotokoza m'midzi kuti mtchona anatchula mtengo, mzungu atavomera iye n'kuthawa.

Anayang'ana patebulo. Anafunafuna Kanyenda pakati pa zonyezimirazo, osamupeza.

"Tiyi akuzizira," anatero Chipewa.

Ndalama za a Saulosi zinatuluka m'banja tsiku lomwelo, dzuwa lisanafike pamutu.