Kanema wa ingoma wa a Thomas

Lufina Jere ankaphunzitsa makompyuta pa sekondale ina yoyendera ku Champiti. M'makompyuta akale amene sukuluyo inalandira anaikamo yekha mapulogalamu aulere, aja amene aliyense amaloledwa kukopera, kusintha ndi kugawira mnzake. Ankakonda kuuza ana kuti pulogalamu imene sungaone m'kati mwake si yako.

Atatha kukolola, a Elson, alamu ake a Lufina, anajambula gule wa ingoma pa kamera yobwereka. M'gulemo munali bambo ake a Lufina, a Thomas, amene mawondo anali atayamba kuwavuta, ndipo anali atanena kuti kumeneko kunali kuvina komaliza. Lufina atalowetsa kanemayo m'kompyuta ya kusukulu, nyimbo zinamveka koma chithunzi chinangoti bii. Atafufuza anapeza kuti kamerayo inasunga kanema m'njira imene ili ndi eni ake, ndipo lamulo silinkalola opanga pulogalamu yaulere kuikamo chotsegulira chake popanda chilolezo.

Loweruka anapita ku Nsipe kwa a Kareem, okonza mafoni pafupi ndi ogulitsa kachewere. A Kareem anamvetsera, kenaka anatulutsa fulashi. Anati munali pulogalamu yakuba yotsegula chilichonse, ndipo anthu ambiri ankagwiritsa ntchito yomweyo.

Lufina anaigwira fulashiyo pang'ono, n'kuibweza.

"Kuonera tingaonere ndithu, achimwene. Koma ana akandifunsa kumene ndaitenga ndikawauza chiyani?"

A Kareem sanatsutse. Anakanda kumutu, kenaka anakumbuka kuti laputopu ya akazi awo, mayi Zahra, inagulidwa ili ndi pulogalamu yachilolezo. Anakaitenga kunyumba, kuseri kwa shopu. Anatsegula kanemayo mmenemo, n'kuyamba kumusunganso m'njira imene ilibe mwini. Zinatenga nthawi ndithu. Lufina anakhala pabenchi n'kumaona malole akudutsa mumsewu, ndipo mayi Zahra anamubweretsera tiyi.

Lolemba ana anathinana m'kalasi. A Thomas anabwera akudalira ndodo, anawapatsa mpando kutsogolo. Anadziona akuponda pansi mwamphamvu, chishango chili m'manja, fumbi likukwera mpaka m'chiuno. Kanemayo atatha, anati pa nyimbo yachiwiri phazi lawo linachedwa. Ana anaseka, iwonso anaseka.

Potuluka a Thomas anafunsa ngati alongo awo a ku Bwanje angamuonerenso kanemayo. Lufina anati palibe choletsa, ndipo anawakoperera tsiku lomwelo.