Kabuleta M'chifuwa mwa Zuze

Zuze analota Shire atalowa m'nyumba mwake masana, dzuwa lili paliwombo. Anatsegula chitseko cha kuchipinda kuti atenge malaya, koma kuseri kwake kunalibe bedi. Kunali mtsinje wosefukira, wofiira, ukukokolola nthochi ndi madenga a anthu. Kutsidya, pamwamba pa chulu, panakhala mkazi wake Esinati atagwira m'chiuno. Tsiku lake lochira linali litakwana, chipatala chili tsidya lino, ndipo madzi anali kukwera chulucho pang'onopang'ono.

Zuze sanagwire njakata. Iyeyu ndi uja amati akanena kuti ndiwoloka, ngakhale ng'ona zimamupatsa njira. Boti lake linali litamangidwa pamwendo wa tebulo. Vuto linali injini yokha, kafifitini kokalamba, kochepa mphamvu, kotsokomola ngati nkhalamba ya fodya.

"Madzi awa sindingawathe," inatero injiniyo mwaulemu. "Ndikangofika pakati, tonse tikathera kunyanja yamchere."

"Uwatha," anayankha Zuze. "Tikuwonjezera mphamvu."

Pakona ya chipinda chochezera panakhala malume ake, a Dzongololo, makaniko amene anamwalira chaka cha kolera. Anali atavala ovolosi yomwe ija yong'ambika pabondo, atayala chiguduli pansi, masipanala atawandandalika kuyambira wamng'ono mpaka wamkulu. Zuze anawapatsa moni atagwada, iwo n'kuyankha osadzutsa mutu.

"Mphwanga, injini ya fifitini ndi ya twente-faivi thupi lawo ndi limodzi. Kusiyana kuli m'kati. Bwera nayo kuno."

Anaitsegula. A Dzongololo anali ndi lamulo lawo kuyambira ali moyo: chitsulo sichitayidwa, ndipo pamene wachotsa kanthu susiyapo dzenje. Chakale chimakalowa kumene kwachokera chatsopano. Anthu ankawaseka kuti ndi kuumira, koma injini zawo sizinkafera pamadzi.

Anayamba ndi pulopela, chopalasira madzi chija. Anazula fosholo pakhoma, n'kuipinda ndi zala kukhala mapeni atatu, ndipo pulopela yakale anaipachika pamene panali fosholo. Zuze anakoka chingwe. Injini inalira bwinoko, koma inadandaula.

"Ndikubanika. Kabuleta uyu ndi wamng'ono, mpweya sukundikwanira."

Malume anayang'ana pachiguduli, panalibe kabuleta wina. Kenaka anayang'ana chifuwa cha Zuze.

"Vula malaya. Walira mvula walira matope."

Zuze sanafunse kawiri. Pansi pa nthiti zake panali mabawuti anayi amene sanawaonepo chibadwire, ndipo sipanala yaing'ono inalowa bwinobwino. Malume anachotsa mapapo, anawatsuka m'beseni, n'kuwamanga mu injini. Kabuleta wakale anamupukuta ndi kansanza, n'kumuika m'chifuwa. Zuze anapuma. Mpweya unanunkha petulo, koma unkalowa ndithu.

"Tsopano ndikupuma," inatero injini, "koma pisitoni ikugunda mwamantha. Pakati paja pamafunika kugunda kosabwerera m'mbuyo."

Apa Zuze anaseka. Za kusabwerera m'mbuyo ankazidziwa ndi iye. Anatsegula yekha chifuwa, natulutsa mtima wake, n'kuupereka ndi manja awiri monga achitira mwana wolangidwa. Malume anaika mtimawo mu injini, analowetsa pisitoni m'chifuwa pamalo pake, anamangitsa mabawuti, n'kumusiyira kachingwe kolendewera pamchombo. Anakoka kachingweko, Zuze n'kulira, du-du-du, osaphonya.

"Kumbukira, tsopano akumwa petulo ndinu awiri," anatero a Dzongololo akupinda chiguduli. "Thanki ndi imodzi."

Anatuluka ndi boti pachitseko cha kuchipinda. Abale inu, injiniyo inkang'amba madzi ngati nsalu yakutha. Mitengo yokokoloka inkapatuka yokha. Mvuu ina inavuuka, inayang'ana, n'kumira mwamanyazi. Zuze ankati akamva kufooka amachotsa paipi ya petulo, amayamwa pang'ono, n'kuibwezera ku injini msanga isanazime. Mtima wake unali m'malo, ngakhale malowo anali kumbuyo kwa boti.

Anapeza madzi atafika m'mapazi mwa Esinati. Anamunyamula, n'kumugoneka pamphasa pakati pa boti. Mkaziyo anaika khutu pachifuwa chake.

"Bambo, mukumveka ngati chigayo."

"Ndi za ntchito, mayi. Gwirani zolimba."

Pobwerera mtsinje unakwiya. Unatupa pakati, n'kuima ngati phiri, ndipo boti linayamba kukwera mtunda. Esinati analuma chitenje kuti asakuwe. Zuze anagwedeza thanki, namva kuti mwatsala kapetulo kongonyowetsa pansi. Miyendo yake inayamba kuzizira, pisitoni m'chifuwa ikudumphadumpha.

"Mafuta otsalawa ndi a mmodzi," inatero injini. "Mukamwa inu, ine ndizima. Ndikamwa ine, muzima inu. Lamulani, bwana."

Zuze anachita mantha, tisaname, mantha enieni. Anayang'ana paipi, anayang'ana mkazi wake, amene thukuta linali kutsika m'khosi. Ndiye anakankha paipi ija mu injini mpaka inagwira, anaimanga ndi mphira kuti dzanja lake lisasinthe maganizo, n'kupotokola chogwirira mpaka kumapeto.

Boti linakwera phiri la madzi lija, linatsetsereka mbali inayo, n'kukaima pakhonde la chipatala, pakati pa mabenchi. Anamwino awiri anatenga Esinati n'kulowa naye. Zuze anafuna kuwatsatira, koma anali atazima kale, atakhala chowongoka, dzanja lili pachogwirira. Maso okha ndiwo ankaona, makutu n'kumamva.

Posakhalitsa m'kati munamveka kulira kwa khanda. Namwino wamkulu anatuluka atanyamula mwana wamkazi m'chitenje, akulira mosatonthozeka.

"Zikomo, bambo a mwanayu ndi ati?"

Zuze sanathe kutsegula pakamwa. Namwinoyo anamuika mwana pachifuwa chake, koma panali pozizira, ponunkha mafuta, ndipo mwanayo anawonjezera kulira. Anamuchotsa, anayang'ana uku ndi uku, kenaka anamugoneka pachivundikiro cha injini, pamene panali pofunda, pakugundabe pang'onopang'ono. Mwana anatonthola nthawi yomweyo, anatambasula kadzanja, n'kugona.

Zuze anasangalala kwambiri, ngakhale nkhope yake sinasunthe. Mwana wake sanasochere.